Ndikasamukira ku Mulanje, ntchito yanga ya pakompyuta ipulumuka?

Funso: Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre. Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a pakompyuta, ndipo kampani imene ndimaigwirira ili ku Johannesburg, choncho ndimagwirira kunyumba. Mayi anga akukalamba, atsala okha kumudzi chakufupi ndi pa Chitakale ku Mulanje, ndipo mtima wanga sukukhazikika, ndikufuna ndikakhale pafupi nawo. Anzanga akundiopseza kuti kumeneko ntchito ikandithera chifukwa cha magetsi ndi netiweki. Ndichite bwanji?

Yankho: Achemwali, zitheka. Ine ndinachoka ku Lilongwe mu 2021 kudzakhala kuno ku Mulanje, ndipo ntchito yolemba mapulogalamu imene ndinkagwira kumeneko ndikuigwirabe mpaka lero. Anzanuwo sakunama pa zonse, koma akukamba za Mulanje ngati kuti ndi bwalo limodzi losalala, pomwe kuno nyumba ziwiri zoyang'anizana pa msewu umodzi zimatha kusiyana ngati usana ndi usiku. Chimene chidzasunge kapena kupha ntchito yanu ndi nyumba yeniyeniyo imene mudzasankhe, ngakhalenso chipinda chenichenicho chimene mudzaikemo tebulo. Ndiye musalipire lendi, musaitane lole, musauze ana kuti atsanzike kusukulu, musanaiyese nyumbayo ndi ntchito yanu yeniyeni.

Chifukwa chake n'chooneka ndi maso. Phiri lathuli ndi thanthwe lalikulu, nsonga yake ya Sapitwa imafika mamita 3,002, ndipo m'munsi mwake dziko ndi la zitunda ndi zigwa zokhazokha, minda ya tiyi ikukwera ndi kutsika, mitengo ya bulugamu itaimirira m'mizere. Mafunde a foni sabowola thanthwe kapena chitunda. Amafuna njira yooneka kuchokera pa nsanja ya kampani kufika pa foni yanu. Nyumba ya m'chigwa, ngakhale ikhale yokongola ya matailosi ndi mpanda wa njerwa, imatha kukhala pa mthunzi wa netiweki, pamene kanyumba ka malata akale kali pamtunda mamita 200 okha kakulandira 4G bwinobwino. Ine ndinatsala pang'ono kulipira miyezi itatu pa nyumba ina imene dobadoba anandionetsa. Pakhonde foni inkaonetsa mizere yonse inayi. Nditalowa m'chipinda chakumbuyo chimene ndinkafuna chikhale ofesi, n'kutsegula laputopu, tsamba limodzi linangozungulira mpaka tiyi amene eni nyumba anandipatsa anazizira m'kapu. Mizere ya pafoni imangokuuzani kuti nsanja ikumveka. Siikuuzani kuti pa nsanjapo pali anthu angati akulimbirana nanu.

Ndiye chitani chonchi. Tengani mlungu umodzi, mukagone kwa mayi, mutenge laputopu, rauta ndi makadi onse awiri, la Airtel ndi la TNM. Nyumba iliyonse imene yakusangalatsani, pemphani eni ake kuti mukhalemo maola angapo, ndipo mubwereko kawiri: m'mawa nthawi ya msonkhano wanu wa tsiku ndi tsiku, ndi madzulo pakati pa 7 ndi 9 koloko pamene aliyense ali pa WhatsApp ndi Facebook. Poyesa liwiro, musakomedwe ndi nambala ya download yokha, imene ndi liwiro lolandirira zinthu kuchokera pa intaneti. Pa ntchito yathuyi upload, liwiro lotumizira zinthu, ndiye amatipweteka, chifukwa nkhope yanu pa Zoom, sikirini imene mukuonetsa anzanu, ndi khodi imene mukutumiza, zonsezo zimakwera kupita kunja. Mukapeza upload wokhazikika wa 3 Mbps (muyeso wa liwiro la intaneti) kapena kuposerapo, msonkhano wa kanema uyenda. Kenako tsegulani terminal, polembera malamulo a kompyuta, musiye ping ikuthamanga kwa ola lathunthu kupita ku seva (kompyuta yaikulu) ya kampani yanu; ping imatumiza timapaketi ta uthenga n'kuyeza nthawi imene tikutenga kupita ndi kubwerera. Muziyang'ana zinthu ziwiri: ngati manambala akudumphadumpha, kuchoka pa 80 kufika pa 900 n'kubwereranso, ndiponso ngati mapaketi ena akutayika panjira. Intaneti ya pang'onopang'ono koma yokhazikika mutha kugwira nayo ntchito chaka chonse. Yothamanga koma yodukaduka idzakuchititsani manyazi pamaso pa abwana anu mlungu uliwonse. Pomaliza imbirani mnzanu wa ku Johannesburg, muyatse kamera, mucheze mphindi 30, akuuzeni yekha ngati mawu anu amamveka osadukiza.

Mwayi wanu ndi wakuti nthawi ya ku Johannesburg ndi ya kuno n'chimodzimodzi chaka chonse. Anzathu amene amagwirira makampani a ku London amasintha ndondomeko kawiri pachaka, chifukwa kumeneko amatsalira ndi ola limodzi miyezi ina, maola awiri miyezi ina. Inu mudzaweruka dzuwa likadalipo, n'kukaona mayi kusanade.

Musadalire njira imodzi ya intaneti. Kunyumba kwanga kampani imodzi imagwira bwino, inayo imangokwanira mameseji, koma tsiku limene yabwinoyo yavuta, yofookayo ndi imene imandilola kuuza anzanga kuti ndichedwa. Kuyambira 2023 Starlink, intaneti yodzera pa masetilaiti a m'mlengalenga, ikugwira ntchito m'Malawi muno, ndipo kwa munthu wa ntchito ngati yanu yasintha zinthu kwambiri, chifukwa siisamala za nsanja ya pansi. Koma nayo ili ndi zofuna zake. Mbale yake imafuna thambo loyera, lopanda nthambi kapena denga lotchinga, ndipo pulogalamu yake ya pafoni ili ndi poyesera ngati malowo ali ndi zotchinga. Yesani musanagule, makamaka ngati nyumbayo yazunguliridwa ndi mitengo ya mapeyala ndi mango monga zilili nyumba zambiri kuno. Mvula yamphamvu kwambiri imathanso kuidula kwa mphindi zingapo. Ndipo imadya magetsi kuposa rauta wamba, zimene zikutifikitsa pa nkhani imene ndikufuna tiikambe mofatsa.

Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi, wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. EGENCO ndiyo imawapanga, ESCOM n'kumagawa. Mtsinje umenewu ukavutika, tonse timavutika, wa ku Chilomoni ndi wa ku Chitakale yemwe. Mukukumbukira kuti mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la ku Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi 130 MW, ndipo kuthimathima kunatenga nthawi yoposa chaka. Kusiyana kwa kuno ndi m'tauni n'kwakuti mawaya athu amayenda mtunda wautali pakati pa mitengo, ndiye mphepo ndi mvula zikagwetsa nthambi kapena pholo, mumadikira. Konzekani ngati munthu woti tsiku lathunthu la ntchito likhoza kudutsa opanda magetsi.

Masamu ake ndi osavuta, ndipo ndikupemphani muwachite nokha musanapite kwa wogulitsa. Laputopu ya ntchito imadya mawati pafupifupi 60 ikakhala pa ntchito yolemera, rauta 10, sikirini yachiwiri 25, babu ndi kutchaja foni 10. Tinene kuti zonse ndi mawati 105. Kwa maola 8, mukufunika mawati-ola 840, ndipo inveta, chipangizo chosintha magetsi a batire kukhala ngati a pakhoma, nayo imadyako gawo lake posintha magetsiwo, choncho werengerani 1,000. Batire la 12V 100Ah limasunga pafupifupi 1,200 papepala. Koma likakhala la mtovu, la mtundu wakale uja, mumangogwiritsa ntchito theka lokha ngati mukufuna likhalitse, kutanthauza 600 basi. La lithium limakulolani kumwa pafupifupi 1,000 osaliwononga, ndipo limakhala zaka zambiri. Pogula limaluma m'thumba, koma amene anagula a mtovu otchipa ambiri abwereranso kusitolo chaka chisanathe chifukwa ankawakama mpaka kuuma tsiku ndi tsiku. Mukaonjezera Starlink ya mbale yaikulu, onjezerani mawati ena 50 mpaka 75 pa masamu aja, ndiye batire limodzi silikwananso. Firiji, ketulo ndi ayironi zisayandikire inveta ya ntchito. Zimenezo zili ndi njira zake, gasi ndi mbaula zilipo.

Pa sola, pali chinthu chimene ogulitsa a ku Limbe sadzakuuzani chifukwa mwina sanagonepo kuno mu Juni. Ndi chiperoni. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, mphepo yachinyezi imabwera kuchokera chakum'mwera kum'mawa, ku Mozambique kumene kuli phiri la Chiperone limene linapereka dzinali, ndipo imadzakhala pa Mulanje ndi Thyolo masiku atatu, anayi, nthawi zina mlungu. Mumadzuka phiri lonse litasowa, ngati alichotsa usiku. Kamvula kowaza sikaleka, zovala pachingwe siziuma, othyola tiyi akuyenda atavala mapepala apulasitiki. Tiyi amakonda nyengo imeneyo, n'chifukwa chake maesiteti monga Lujeri ali kuno, ndi Satemwa ku Thyolo. Sola ndiye imadana nayo. Mapanelo amatha kupereka zochepera theka la zimene amapereka mu Okutobala. Choncho gulani mapanelo okulirapo kuposa mmene masamu akukuuzirani, ndipo inveta ikhale yotha kutchaja batire ndi magetsi a ESCOM akangobwera, isamadikire dzuwa lokha.

Chinyezi chomwecho chimalowa m'nyumba. Chaka changa choyamba ndinatsegula chikwama cha laputopu yakale chimene ndinachiika pansi pa bedi, ndinapeza chayera mbuu ndi nkhungu, zipi itachita dzimbiri. Zipangizo musaziike pansi kapena kuzigundika kukhoma. Ikani pa shelefu pamene mpweya ukudutsa, ndipo timapaketi ta silica gel timene timabwera m'makatoni a nsapato musamataye, muziponya m'bokosi la ma hard drive osungira mafayilo, chifukwa timayamwa chinyezi. Poyendera nyumba, kwezani maso kusiling'i muone madontho akale, gwirani khoma kumbuyo kwa chitseko, nunkhizani m'kabati. Nyumba yodontha eni ake amaipaka penti mu Sepitembala, ndipo mudzaidziwa bwino mu Januwale.

Ziphaliwali nazo musazione mopepuka. Ine zinandiphera rauta ndi tchaja usiku umodzi wa mu Disembala, chonsecho sizinagwere panyumba panga, zinangodzera m'mawaya. Pezani wamagetsi wodziwa ntchito ayese ngati nyumbayo ili ndi waya wa earth wolowadi pansi, chifukwa surge protector, yoteteza zipangizo magetsi akachuluka mwadzidzidzi, yopanda earth ndi chokongoletsera chabe. Ndipo mabingu akayamba kugunda chakuphiri, zulani mapulagi kukhoma, mugwire ntchito ndi batire.

Ponena za malo, pali china choposa netiweki. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatsitsa madzi, matope ndi miyala kuchokera m'phiri, ndipo midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe inataya anthu ambiri, monganso zinachitikira ku Chilobwe kwanu ku Blantyre. Amene tinali kuno sitiiwala phokoso la mitsinje usiku umenewo. Musatenge nyumba ya m'mphepete mwa mtsinje kapena pakamwa pa khwawa lotsika kuphiri, ngakhale khwawalo likhale louma tsiku limene mukuliona. Funsani agogo a pamalopo kuti madzi anafika pati chaka chimenecho. Adzakulozerani ndi chala, pamtengo kapena pakhoma. Funsaninso ngati pakati pa nyumbayo ndi msewu wa tala pali mlatho umene umamira, chifukwa tsiku limene mayi adzadwale usiku wa mvula, funso limeneli lidzakhala lalikulu kuposa ena onse.

Kagwiridwe ka ntchito nako kamasintha pang'ono, ndipo sizovuta kuzolowera. Konzani kuti pulojekiti yanu izitha kuthamanga yonse pa laputopu popanda intaneti. Zinthu zolemera monga ma image a Docker (mafayilo akuluakulu oyendetsera mapulogalamu) ndi ma update muzitsitsa m'bandakucha pamene netiweki ili phee. Chitani commit, kusunga zimene mwasintha mu khodi, pafupipafupi, ndipo netiweki ikangopezeka kankhani khodi yanu ipite, musasunge ntchito ya masiku atatu pa makina amodzi. Msonkhano wa kanema umatha kudya pafupifupi 1GB pa ola, ndiye ngati muli pa bandulo, kamera muziyatsa polonjerana ndi pamene mukulankhula, kwinako mawu okha akwana. Abwana anu auzeni za kusamukaku kusanachitike, muwauzenso zimene mwakonza pa magetsi ndi intaneti. Asadzamve koyamba tsiku limene mwasowa pa msonkhano.

Tsopano tikambe chimene anzanu aja sanakuuzeni, pomwe kwa ine ndicho chinali cholemera kuposa mabatire. Ku Chilomoni mukatseka geti, mwatseka. Kuno munthu amene ali pakhomo masana ndiye kuti alipo, ndipo munthu amene alipo amalandira odi. Palibe amene akufuna kukusokonezani. Kwa azakhali anu, ntchito ndi kumunda, kuesiteti, kusukulu kapena kuofesi kuboma. Wokhala pampando kuyang'ana kompyuta akupumula. Adzabwera 9 koloko m'mawa ndi nthochi ndi nanazi m'dengu, atayenda mtunda chifukwa chokukondani, inu muli pakati pofotokozera anthu asanu ndi awiri chifukwa chimene pulogalamu yagwera. Mukawasiya panja adzapita ndi chilonda mumtima. Mukatuluka, ntchito yaima.

Chimene chinandithandiza ine ndi kunena poyera kuyambira tsiku loyamba, komanso kunena kudzera mwa anthu oyenera. Nditangofika ndinapita kukaonekera kwa amfumu, monga achitira mlendo aliyense wodziwa mwambo, ndipo ndinawafotokozera kuti ntchito yanga ili ngati ya mphunzitsi amene kalasi yake ili kutali: kuyambira 8 koloko mpaka 12, komanso 1 mpaka 5, ndimakhala ndili m'kalasi ngakhale thupi langa likuoneka pakhomo. Fanizo limeneli anthu analimva msanga, n'kumauzana okha. Inu muli ndi mwayi woposa wanga chifukwa muli ndi mayi. Akangomvetsa iwo, adzakhala mlonda wanu wamkulu, ndipo m'bale akafuna kubwera adzamuuza okha kuti mwanayo amaweruka 5 koloko. Koma pobweza, madzulo ndi Loweruka chitseko chanu chikhaledi chotseguka, mkeka uyalidwe, tiyi aphikidwe. Ndipo chipinda cha ntchito chikhale ndi chitseko chake, chisakhale pabalaza.

Maliro ndi nkhani ina. M'tauni mumatha kutumiza chipepeso pa Mpamba kapena Airtel Money n'kupitiriza ntchito. Kumudzi anthu amaona amene wabwera ndi amene sanabwere, ndipo paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Simungathe kukhala pa siwa iliyonse masiku onse, ndipo anthu amamvetsa zimenezo ngati mwaonekera. Pitani m'mamawa musanayambe ntchito, mukhale pansi ndi amayi anzanu, mupepese, musiye kangachepe m'mbale, ndipo pa maliro a pafupi kwambiri pemphani tsiku kuntchito. Ku South Africa nakonso maliro amawalemekeza, sadzadabwa. Muyembekezerenso kuti mbiri idzamveka yoti mumalandira ndalama zakunja, ndipo mapempho adzabwera, ena oona, ena ayi. Khazikitsani mumtima ndalama imene mungathe kuthandizira abale pamwezi, ikatha muzinena mwaulemu kuti mwezi uno zatha. Mukapanda kutero mudzayamba kuwazemba anthu amene munasamukira kudzakhala nawo.

Za kokhala, malangizo anga ndi akuti chaka choyamba muchite lendi chakuboma kapena pa Chitakale, pamene pali madzi a m'mipopi, mabanki, msika ndi msewu wa tala, mayi muziwafikira ndi kabaza. Musathamangire kumanga. Malo kuno ndi ochepa chifukwa gawo lalikulu la nthaka yabwino lili m'maesiteti, ndipo mikangano ya malire ndi yosasowa. Pakati pa Alhomwe ndi Amang'anja malo amayenda kuchikazi, choncho inu monga mwana wamkazi muli ndi poyambira pabwino, koma ngakhale zili choncho, njerwa yoyamba isaikidwe amalume anu, eni mbumba, ndi amfumu asanakhale pansi n'kuloza malire pamaso pa mboni. Zimene agwirizanazo zilembedwe.

Zina n'zachidule. Funsani ngati mita ya magetsi ndi yanu nokha kapena mukugawana mayunitsi ndi nyumba ina, ndipo ngati mukugawana, kanani. Gulani thanki kapena migolo yosungira madzi. Aliyense azigona m'neti, chifukwa malungo kuno ndi ochuluka kuposa kumtunda kwa Blantyre, ndipo ana obadwira m'tauni amagwa nawo msanga. Zipatala zilipo, cha boma pa Mulanje ndi cha Mulanje Mission, ku Thyolo kuli cha boma ndi Malamulo ku Makwasa, ndipo matenda aakulu amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Tengani mabuku a kuchipatala a mayi muwadziwe bwino mankhwala amene amamwa. Zipangizo za ntchito gulani mukadali m'tauni, ndipo tchaja ya laputopu mukhale nazo ziwiri, chifukwa ikapsa Lachiwiri m'mawa, ina mukaipeza ku Limbe kapena ku Blantyre, ulendo wa ola ndi kanthu pa msewu wa Midima, tsiku lonse n'kuthera panjira. Mitengo ya zinthu zimenezi imatsatira dola, ndipo tonse tinaona mmene inadumphira Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho chimene mukudziwa kuti mudzachifuna, musachedwe nacho.

Mudzasowa anthu olankhula nawo za ntchito, zimenezo ndisakubisireni. Pali masiku amene vuto la mu khodi lakuzunguzani mutu, mukutuluka panja, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe pamudzi wonse amene mungamufotokozere. Ine ndinapeza mpumulo ku MUST, yunivesite ya sayansi imene inatsegulidwa mu 2014 ku Ndata m'boma la Thyolo. Kuli achinyamata ophunzira za makompyuta amene ali ndi njala yocheza ndi munthu amene akugwiradi ntchitoyi, ndipo atsikana a kumeneko akaona mayi ngati inu akulembera mapulogalamu kampani ya kunja ali ku Mulanje, zidzawalimbitsa mtima kuposa mmene mukuganizira. Kamodzi pamwezi muzipitanso ku Blantyre kukakumana ndi anzanu akale.

Nthawi yabwino yosamuka ndi Ogasiti, sukulu zitatsekera, kuti ana akayambe chaka chatsopano mu Sepitembala pamodzi ndi anzawo, misewu ili youma, komanso mukhale ndi miyezi itatu yokonza sola, earth ndi denga mvula isanayambe. Koma ulendo woyesa uja mupange mu Juni kapena Julayi, chiperoni chili pakati, kapena mu Febuluwale mvula ili pachimake, kuti nyumbayo muione pa tsiku lake loipa. Ndipo nyumba ya ku Chilomoni musaibweze tsiku limene lole ikunyamuka. Lipirani mwezi umodzi woonjezera, makiyi akhale m'chikwama mwanu mpaka mutagwira ntchito milungu inayi yathunthu ku Mulanje popanda kuphonya msonkhano.